Basela la Mamalikisi: Zodabwitsa 15 za Mayeso Okwezera Anthu Pantchito M'boma la India

Ku India, wogwira ntchito m'boma sakwera udindo pongodikira kuti zaka zimukwanire. M'madipatimenti ambiri, monga a njanji, a positi ofesi ndi owerengera ndalama za boma, muli mayeso a m'kati, olemba okhawo amene ali kale pantchito. Kalaliki akakhoza amalumpha anzake amene anawapeza mu ofesimo. Pamwamba pa mayesowo pali lamulo losungira mipando anthu a magulu amene anaponderezedwa kwa zaka mazanamazana chifukwa cha mtundu wobadwiramo: a Dalit, amene kale ankaonedwa ngati osayenera kukhudzidwa ndipo m'mabuku a boma amalembedwa kuti Scheduled Castes, ndi a Adivasi, mitundu ya kumapiri ndi kunkhalango, amene amalembedwa kuti Scheduled Tribes.

Amalawi nkhani ya kota sitichita kumva kwa anthu. Tinakangana nayo pa kasankhidwe ka ophunzira opita ku yunivesite mpaka inathetsedwa mu 2020. Koma yathu inkayang'ana dera limene munthu akuchokera, ndipo inkathera pachipata cha sukulu. Ya ku India imayang'ana mtundu, ndipo imamutsata munthu mu ofesi mpaka tsiku lopuma pantchito.

1. Kusunga mipando kunayamba Angerezi asanachoke

Ambiri amaganiza kuti ndi nzeru ya andale osaka mavoti. Koma mu 1902, Shahu, mfumu ya dera la Kolhapur, analamula kuti theka la ntchito za m'boma lake lipite kwa magulu otsalira, ataona kuti maudindo ambiri ali m'manja mwa a Brahmin, gulu lapamwamba. Ku Madras, chipani cha Justice Party chinatulutsa lamulo logawa ntchito potengera magulu mu 1921. Malamulo aakulu a dzikolo, amene komiti yowalemba inkatsogoleredwa ndi B. R. Ambedkar, yemwenso anali wa gulu la a Dalit, anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, ndipo anatola mfundo imene inalipo kale. Gawo 16(4) linalola boma kusungira mipando magulu otsalira. Gawo 335 linati pochita zimenezo ntchito za boma zisalowe pansi. Milandu yambiri ili m'munsiyi ndi magawo awiriwa akukokana.

2. Gulu lalikulu koposa lilibe mpando wosungidwa pa nkhani yokwezedwa

Polemba anthu ntchito, boma lalikulu la ku Delhi limasunga mipando 15 pa 100 iliyonse ya a Dalit, 7.5 ya a Adivasi, 27 ya magulu ena otsalira otchedwa Other Backward Classes kapena OBC, ndi 10 ya osauka a m'magulu apamwamba, imene inawonjezeredwa mu 2019. Yonse pamodzi ndi 59.5. Koma munthu akalowa m'kati n'kufuna kukwera, mipando ya OBC ndi ya osauka ija imazimiririka, n'kutsala 22.5 ya a Dalit ndi a Adivasi. Wa OBC, ngakhale gulu lake ndilo lochuluka anthu kuposa awiriwo, amalemba mayeso a pulomoshoni mofanana ndi mwana wa Brahmin. Kumbukirani mfundo imeneyi, chifukwa ndiyo idzachititse phungu wina kulanda pepala m'manja mwa nduna tikafika pa nambala 11.

Anthu olumala anapatsidwa mipando 4 pa 100 pa nkhani yokwezedwa mu 2022, khoti litachita kukankha boma.

3. Anapeza 61, anapitiriridwa ndi amene anapeza 35

Mu 1960 kunachitika mayeso a m'kati okwezera anthu a ku likulu la boma kuti akhale achiwiri kwa oyang'anira maofesi. Nthawi imeneyo mipando yosungidwa inali 17.5 pa 100. Koma panali lamulo lina lakuti mpando wosungidwa ukasowa wokhalapo chaka chino, usenzedwe kupita chaka chamawa, n'kukawonjezeredwa pa ya chaka chimenecho. Ngongoleyo inaunjikana, moti pa anthu 45 amene anakwezedwa, 29 anali a Dalit ndi a Adivasi. Imeneyo ndi mipando yoposa 64 pa 100.

T. Devadasan, amene anapeza mamalikisi 61 pa 100, anasiyidwa, pomwe ena mwa okwezedwawo anapeza 35. Anapita ku khoti la Supreme, ndipo mu 1963 majaji anayi mwa asanu anagamula kuti lamulo losenza mipandolo ndi losemphana ndi malamulo aakulu. Jaji Subba Rao yekha ndiye anakana kugwirizana ndi anzake.

Aliyense womva nkhaniyi amamvera chisoni Devadasan, ndipo m'pomveka. Koma funso lina nali: ngongole ya mipando yochuluka chonchi inaunjikana bwanji? Inaunjikana chifukwa zaka zam'mbuyomo mipando yosungidwayo sinkadzazidwa. Chilungamo chimene chinakanizidwa pang'onopang'ono chinadzalipidwa tsiku limodzi, ndipo amene analipira ndi anthu amene anangopezeka kuti alemba mayeso chaka chimenecho, osati mabwana amene anazengereza.

4. Ku Kerala anakwezedwa asanakhoze n'komwe

Boma la Kerala linali ndi lamulo lopatsa ogwira ntchito a Dalit ndi a Adivasi zaka ziwiri zowonjezera kuti akhoze mayeso a dipatimenti, koma pulomoshoni n'kulandiriratu. Mu dipatimenti yolembetsa zikalata munapezeka mipando 51 ya makalaliki aakulu, ndipo 34 inapita kwa anthu amene anali asanakhoze. N. M. Thomas, kalaliki amene anakhoza kale, anadandaula ndipo anapambana ku khoti lalikulu la Kerala. Koma mu 1975 khoti la Supreme, pa majaji asanu ndi awiri, asanu anatembenuza chigamulocho. Anati kupatsa munthu nthawi yowonjezera si kumuchotsera mayeso, pakuti akalephera m'nthawi imene wapatsidwayo amabwerera pampando wake wakale. Anatinso kuthandiza wotsalira si kupatuka pa lamulo lakuti anthu onse ndi ofanana, koma ndi njira yolikwaniritsira. Ganizo lachiwirili ndilo linasintha kaweruzidwe ka milandu yotere mpaka lero.

5. Basela la mamalikisi atatu pa 500 linakwiyitsa majaji

Apa ndipo pali mtima wa nkhani. Mamalikisi a basela ndi aja amene okonza mayeso amawonjezera munthu akaperewera pang'ono. Amasiyana ndi kutsitsa mlingo wokhozera, umene umalengezedwa mayeso asanalembedwe. Basela limaganiziridwa mapepala atachongedwa kale, ndipo woliganizirayo amakhala akuona amene lim'pulumutse ndi amene lim'siye.

Mu Disembala 1980, ogwira ntchito mu ofesi ya mkulu wowerengera ndalama za boma analemba gawo lachiwiri la mayeso a Subordinate Accounts Service. Kuti munthu akhoze ankafunika 45 pa 100, kutanthauza mamalikisi 225 pa 500. Boma linali litalamula kale kuti a Dalit ndi a Adivasi azipeputsiridwa pa mayeso otere. Zotsatira zitaoneka, akuluakulu anapatsa aliyense basela la mamalikisi asanu, ndipo a magulu osungiridwa mipando anawapatsa asanu ndi atatu. Kusiyana kwake kunali mamalikisi atatu pa 500, n'kumati lamulo lakwaniritsidwa.

K. S. Jagannathan ndi mnzake, onse a Dalit, anakasuma. Mu 1986 khoti la Supreme linati kupeputsa kotereku ndi kwa dzina lokha, n'kulamula kuti kukhale kwa mamalikisi 25. Linatinso mlingo wa kupeputsako uzidziwika mayeso asanalembedwe, kuti wolemba adziwiretu chimene akulimbana nacho. Kwa ine mfundo yachiwiriyi ndi yolemera kuposa nambala 25 ija. Basela lobisidwa m'kabati ya bwana limapweteka mbali zonse ziwiri: wolandira sadziwa ngati analandira zoyenera, wosalandira amakhulupirira kuti mnzake anapatsidwa zochuluka.

6. Kunjanji kuli pulomoshoni ya wolephera bwino

Mlingo wokhozera umasiyana dipatimenti ndi dipatimenti. Pa mayeso a woyendera mapositi ofesi, mlingo umene wakhala ukugwiritsidwa ntchito ndi 40 pa 100 pa pepala lililonse ndi 45 pa mapepala onse pamodzi, pomwe a Dalit ndi a Adivasi amafunika 33 ndi 38. Kunjanji, pa maudindo ochita kusankha, ena onse amafunika 60, osungiridwa mipando 50.

Anjanji ali ndi chinthu chinanso. Mpando wosungidwa ukasowa wokhoza ngakhale mlingo utatsitsidwa, amatenga amene wachita bwino koposa mwa olepherawo, bola akhale atapeza 20 pa 100, n'kumuika pampandowo mongoyembekezera kwa miyezi isanu ndi umodzi akuphunzira ntchito. Akaonetsa kuti waigwira amakhazikika. Akapanda kutero amabwerera.

Koma zonsezi sizikhudza ntchito zimene moyo wa okwera sitima uli m'manja mwake. Woyendetsa sitima ndi woyang'anira siteshoni amafunika 60 yathunthu, kaya ndi wa gulu liti. Otsutsa kota amati apa boma likuvomera lokha kuti kupeputsa kumatsitsa ntchito. Oikira kumbuyo amati izi zikusonyeza kuti dongosololi limadziwa malire ake, ndipo a Dalit ambirimbiri amayendetsa sitima atakhoza pa 60 yomweyo.

7. Malamulo aakulu a dziko amatchula mamalikisi a mayeso

Pa 16 Novembala 1992, majaji asanu ndi anayi anagamula mlandu wa Indra Sawhney. Anavomereza mipando 27 pa 100 ya OBC imene boma la V. P. Singh linalengeza mu 1990 potsatira lipoti la komishoni ya Mandal, anaika malire akuti mipando yosungidwa isapitirire theka, kenaka anati pa nkhani yokwezedwa pasamakhale kota ayi. Anapereka zaka zisanu kuti zimene zinalipo zithe.

Nyumba ya Malamulo sinadikire zaka zisanuzo. Mu 1995 inasintha malamulo aakulu n'kuikamo gawo 16(4A), lobwezeretsa kota ya pulomoshoni kwa a Dalit ndi a Adivasi okha. Mu 2000 inasinthanso kawiri: koyamba kulola kuti mipando yotsalira ya zaka zam'mbuyo isamawerengedwe pa malire a theka aja, zimene zinabweza pakhomo nkhani ya Devadasan, kachiwiri kuwonjezera mawu pa gawo 335 olola kutsitsa mamalikisi okhozera pa mayeso a pulomoshoni. Mu 2001 inasinthanso kachinayi pa nkhani ya ukulu pantchito. M'zaka zisanu ndi chimodzi, malamulo aakulu a dziko la anthu pafupifupi biliyoni imodzi anasinthidwa kanayi chifukwa cha pulomoshoni ya ogwira ntchito m'boma.

8. Zotsatira za mayeso a 1996 zinakonzedwa mu 2014

Kuyambira 1970 boma lalikulu linkapeputsira a Dalit ndi a Adivasi pa mayeso a m'kati. Mu 1996, pa mlandu wa S. Vinod Kumar, khoti la Supreme linati zimenezi n'zosaloledwa, ndipo mu Julayi 1997 boma linatulutsa kalata yochotsa kupeputsako. Mu Okutobala 2000, malamulo aakulu atasinthidwa, linakubwezeretsa. Pakatipo panatsala dzenje la zaka zitatu, ndipo amene anagweramo ndi anthu amene analemba mayeso a 1996 ofuna kukhala akulu a zigawo za maofesi ndi alembi aakulu. Analemba lamulo lili lina, zotsatira zinatuluka lamulo lili lina.

Rohtas Bhankhar ndi anzake anayenda ndi mlandu wawo mpaka mu Julayi 2014, pamene majaji asanu, motsogoleredwa ndi R. M. Lodha, anati chigamulo cha 1996 chija chinalakwika chifukwa sichinalabadire gawo 16(4A), limene linali litalowa kale m'malamulo chaka chimodzi m'mbuyomo. Analamula kuti zotsatira zikonzedwe. Zaka 18 ndi theka la moyo wa munthu pantchito. Malipiro otsalira angabwezedwe, koma maudindo amene munthu akanawakwera m'zaka zimenezo, akanakhala kuti anayambira pampando woyenera, palibe khoti lingawabweze onse.

9. Mkangano waukulu si wa mamalikisi koma wa amene ali wamkulu mawa

Tiyerekeze makalaliki awiri mu ofesi imodzi. Woyamba analowa ntchito kale, wachiwiri anabwera patapita zaka zinayi ndipo ndi wa gulu la a Dalit. Mpando wosungidwa utapezeka, wachiwiriyo wakwezedwa. Patapita zaka zitatu woyamba uja wakwezedwanso, ndipo tsopano ali pa mlingo umodzi. Kodi wamkulu ndani? Funsoli si la ulemu chabe. Amene dzina lake lili pamwamba m'kaundula ndiye adzaganiziridwe koyamba pa pulomoshoni yotsatira, ndipo ndiye angadzalembe lipoti la pachaka la mnzakeyo.

Mu 1995, pa mlandu wa Virpal Singh Chauhan wokhudza magadi a sitima, khoti linati woyamba uja akangofika pa mlingowo amabwezeredwa ukulu wake. Kusintha kwa malamulo kwa 2001 kunafafaniza zimenezi: amene wafika msanga ndiye wamkulu, ndipo lamulolo linawerengedwa kuyambira Juni 1995, kubwerera m'mbuyo zaka zisanu ndi chimodzi. Maofesi anayamba kulembanso makaundula a ukulu amene anali atatsekedwa kale.

Ku Karnataka khoti la Supreme linathetsa lamulo lotere mu Febuluwale 2017, ndipo anthu zikwi anayang'anizana ndi kutsitsidwa udindo. Boma la kumeneko linaika komiti ya Ratna Prabha kuti isonkhanitse ziwerengero, n'kupanga lamulo latsopano, limene khoti lomwelo linalivomereza mu Meyi 2019.

10. Wa Dalit akaposa onse sawerengedwa m'kota

Mipando yosasungidwa si ya magulu apamwamba; ndi ya aliyense. Wa Dalit amene wakhoza popanda kupeputsiridwa chilichonse amakhala pa mpando wa onse, ndipo mpando wosungidwa umatsala kuti atenge wina wa gulu lake. Choncho 15 ija ndi poyambira, si pothera. Koma akangolandira chithandizo chilichonse cha gulu lake, mwachitsanzo kuloledwa kulemba atapitirira zaka zakubadwa zoikika, malamulo a boma lalikulu amamubwezera ku kota, ngakhale mamalikisi ake aposa a wina aliyense. Khoti linatsimikiza zimenezi mu 2017 pa mlandu wa Deepa E. V., wokhudza kulembedwa ntchito. N'chifukwa chake basela lingakhale msampha: limakupulumutsa pa pepala limodzi n'kukutsekera chitseko chachikulu.

11. Phungu analanda bilu m'manja mwa nduna

Mu 2006, pa mlandu wa M. Nagaraj, khoti linavomereza kusintha konse kunayi kuja, koma linati boma lililonse lofuna kota ya pulomoshoni liyambe lasonyeza ndi ziwerengero kuti gululo ndi lotsaliradi, kuti ndi lochepa m'maudindowo, ndi kuti ntchito sizilowa pansi. Maboma ambiri a zigawo sanavutike kusonkhanitsa ziwerengerozo, ndipo malamulo awo anayamba kugwa m'makhoti. La Uttar Pradesh linagwa mu Epulo 2012.

Boma la ku Delhi linabweretsa bilu yosinthanso malamulo aakulu kuti zofunikazo zichoke. Mayawati ndi chipani chake, chimene chimadalira mavoti a a Dalit, anailimbikira. Chipani cha Samajwadi, chimene chimadalira kwambiri a OBC, aja opanda mpando pa pulomoshoni, chinaikana kwamtuwagalu, ndipo ogwira ntchito m'boma ambiri ku Uttar Pradesh ananyanyala ntchito. Biluyo inadutsa m'nyumba ya Rajya Sabha, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, mu Disembala 2012. Itafika m'nyumba inayo ya Lok Sabha, phungu wa Samajwadi anatsomphola pepala m'manja mwa nduna V. Narayanasamy ikuyamba kuliwerenga, ndipo Sonia Gandhi, mtsogoleri wa chipani cholamula panthawiyo, anadzuka pampando wake kuti akalilanditse. Biluyo sinadutse, ndipo inafa Nyumbayo itathetsedwa mu 2014.

Mu 2018, pa mlandu wa Jarnail Singh, khoti lokha linachotsa chimodzi mwa zofunika zitatu zija: a Dalit ndi a Adivasi safunikanso umboni wakuti ndi otsalira. Koma mu 2020, pa mlandu wochokera ku Uttarakhand, linanenanso kuti boma silikakamizidwa kupereka kota ya pulomoshoni ngati silikufuna.

12. Mu ofesi yaing'ono, wa Adivasi angadikire moyo wonse

Kota siwerengedwa m'mutu. Ofesi iliyonse ili ndi kaundula wa mipando, ndipo mpando uliwonse uli ndi nambala ndi chizindikiro cha gulu lake. M'kaundula wa boma lalikulu, mpando woyamba wa a Dalit ndi wa nambala 7, woyamba wa a Adivasi ndi wa nambala 14. Pamene maudindo a mtundu umodzi alipo mazana, zimayenda. Koma taganizani udindo umene uli ndi mipando isanu yokha. Isanuyo ndi ya onse. Nambala 6 imafika wina akapuma, akamwalira kapena akakwezedwa, ndipo nambala 14 imafika mpando ukasintha mwini kasanu ndi kanayi. Ngati udindowo uli ndi mpando umodzi wokha, khoti linagamula mu 1998 kuti sungasungidwe n'komwe. Bwana wodziwa kugawa dipatimenti m'timagulu ting'onoting'ono angathe kuithetsa mphamvu kota osaphwanya lamulo lililonse.

13. Kubatizidwa kumachotsa munthu pa mndandanda

Lamulo la pulezidenti la 1950 linati wa Scheduled Castes ayenera kukhala wa chipembedzo cha Chihindu. A Sikh anawonjezeredwa mu 1956, Abuda mu 1990. Akhristu ndi Asilamu mulibe mpaka pano, ngakhale makolo awo anali a Dalit ndipo anansi awo akuwaonabe choncho. Ambiri mwa iwo amapezeka pa mndandanda wa OBC, kumene kota ya pulomoshoni kulibe. Ambedkar mwini, wolemba malamulo uja, analowa Chibuda ku Nagpur mu 1956 pamodzi ndi anthu zikwi mazanamazana, ndipo omutsatirawo anakhala kunja kwa mndandanda wa boma lalikulu kwa zaka zoposa 30. Kwa a Adivasi chipembedzo sichiwerengedwa.

14. Mamalikisi 718 ndi 719 ndiwo anaulula basela

Iyi si ya pulomoshoni, koma ikusonyeza bwino zimene basela lobisa limachita. Pa mayeso a NEET a 2024, olowera sukulu za udokotala, munthu ankayankha mafunso 180. Yankho lolondola linkapatsa mamalikisi anayi, lolakwika linkachotsa imodzi. Wokhoza zonse amapeza 720. Wosiya funso limodzi amapeza 716. Wolakwa limodzi amapeza 715. Palibe njira yopezera 718 kapena 719. Koma zotsatira zitatuluka pa 4 Juni, manambala amenewa analipo, ndipo anthu 67 anali ndi 720.

Ophunzira okha ndiwo anachita masamuwo. Bungwe lokonza mayesolo, la National Testing Agency, linafotokoza pambuyo pake kuti anthu 1,563 anapatsidwa basela chifukwa nthawi yawo inatayika m'malo olembera. Chifukwacho chikhoza kukhala chomveka, koma palibe amene anauzidwiratu. Baselalo linachotsedwa, anthuwo anauzidwa kuti alembenso pa 23 Juni kapena atenge mamalikisi awo enieni, ndipo 813 okha ndiwo anabwera. Pamapeto pake, khoti litagamulanso za funso lina la fizikisi, opeza 720 anatsala 17.

Nkhani ina yofanana nayo inachokera m'khoti momwe. Mu 2009 khoti lalikulu la Rajasthan linkafuna omasulira 13. Anthu 21 analemba mayeso, ndipo atamaliza mkulu wa majaji analamula kuti wotengedwa akhale ndi 75 pa 100, mlingo umene sunalembedwe paliponse poyamba. Anatengedwa atatu. Mlanduwo, wa Tej Prakash Pathak, unafika kwa majaji asanu a khoti la Supreme, amene pa 7 Novembala 2024 anagamula kuti zoyenereza munthu sizingasinthidwe ntchito yosankha itayamba, pokhapokha ngati malamulo kapena chilengezo choyamba chinalola zimenezo. Panali patapita zaka 15.

15. Khoti la Supreme lenilenilo linalibe kaundula wa kota mpaka 2025

Funso lakuti kota imatsitsa ntchito kapena ayi lakhala likuyankhidwa kwambiri ndi mkwiyo kuposa ziwerengero. Akatswiri a zachuma awiri, Ashwini Deshpande ndi Thomas Weisskopf, anaunika kayendedwe ka njanji za India kuyambira 1980 mpaka 2002, ndipo sanapeze umboni wakuti kuchuluka kwa a Dalit ndi a Adivasi kunatsitsa ntchito. M'maudindo apamwamba zina mwa zotsatira zawo zinkalozera mbali inayo. Kafukufuku mmodzi wa bungwe limodzi sathetsa mkangano, koma gawo 335 lakhala likutchulidwa m'makhoti kwa zaka makumi asanu ndi awiri ndi anthu amene kawirikawiri analibe nambala iliyonse m'manja.

Pali malo amene kota sifika: usilikali ndi kusankhidwa kwa majaji a makhoti aakulu. Ndipo khoti la Supreme, limene lagamula milandu yonse ili pamwambayi n'kumauza maboma mmene angalembere makaundula awo, linalibe kaundula wotere wa antchito ake, monga makalaliki, osunga mabuku ndi othandiza m'zipinda za majaji. Linauyambitsa mu Juni 2025, pa nthawi ya mkulu wa majaji B. R. Gavai, munthu wachiwiri wa gulu la a Dalit kukhala pampandowo pambuyo pa K. G. Balakrishnan. Kaundulayo akusunga mipando 15 pa 100 ya a Dalit ndi 7.5 ya a Adivasi, polemba ntchito ndi pokweza pomwe.